Kamba Musamugulitse

9 Febuluwale

Mayi a ana,

Moni wa masiku ambiri. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi nkhuku zanu zomwe. Ine kuno ndilipo, bondo lokha lija ndi limene limandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe. Mudabwa kuti ndalemberanji kalata foni ilipo. Pafoni paja mumandiposa liwiro. Ndisanamalize kuyankha funso loyamba, inu mwafika kale pa lachinayi, kenako mayunitsi atha. Papepala pano simundidula mawu.

M'katoni imene ndapatsira dalaivala wa basi muli nsapato zanu, mapulagi anayi a Kamba, ndi mabulangete awiri a mlendo amene akubwerayo. Mwana wathu, amene tsopano ndiyenera kumamutchula kuti Aphunzitsi, mumuuze asamaime tsiku lonse pabolodi ndi pakati pa miyezi inayi. Mpando m'kalasimo ulipo. Ndalama ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Muyambe mwagula chakudya cha nkhuku chisanakwerenso mtengo.

Tsopano nkhani yanu ija. Mwati tigulitse Kamba, tigule kagalimoto ka magetsi konga kamene akuyendera mayi ogulitsa mkaka aja. Ndaimva, koma yankho langa ndi lakuti ayi. Galimoto yathuyo dzina la Kamba tinaipatsa chifukwa cha kuchedwa kwake pachitunda, koma ndi liti pamene sinafike? Injini yake ndinaitsitsa ndekha pabwalo pathu, n'kuimanganso bawuti ndi bawuti, inu mukundigwirira tochi ndi kundinena kuti ndadetsa beseni lanu. Kamba akadwala, waya ndi pulaya zimamuchiritsa. Nanga ka magetsiko kakadwala, mudzapita nako kwa yani? Magetsi enieniwo kwathuko amabwera ngati mlendo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kuntchito kwasintha pang'ono. Abwana akulu, eni galaja, apuma. Dzanja lawo layamba kunjenjemera moti sipanala ikumawapulumuka. Galaja watenga ndi mwana wawo wamkazi, ife timangomuti Dona. Ndi wophunzira, saseka pachabe, koma alibe mtopola. Wachotsa mashelefu a kumbuyo komwe tinkaunjika injini zakale, akuti pakhala pokonzera galimoto za magetsi. Tiona kumene ziloze.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asamapondereze kilatchi pamzere wa mafuta.

Ndine wanu,
Bambo a ana


16 Malichi

Mayi a ana,

Moni. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiyani. Ine ndili bwino.

Kalata yanu yafika, ndipo masamu anu ndawawerenga kawiri. Ndimafuna kupezamo cholakwa, sindinachipeze. Pa mathileyi khumi aliwonse a mazira, atatu akudyedwa ndi petulo. Alamu anatha masiku awiri ali pamzere wa mafuta, mazira ali m'nyumba, sitolo ziwiri n'kukagula kwina. Zimenezo ndi zowawa, sindikukana. Koma mafuta amasowa n'kupezekanso. Galimoto ukagulitsa yapita.

Zoti Kamba akumazima akatentha musade nazo nkhawa. Ndi pampu ya mafuta imeneyo, ili pansi pa mpando wakumbuyo. Akazima, alamu anyamule mpandowo, aigogode kawiri katatu ndi chogwirira cha sikuludalaiva, adzuka. Musagule yatsopano, zimene akugulitsa kumeneko ndi zonyezimira kunja kokha. Yeniyeni ndidzabwera nayo mu Disembala. Pampu imeneyo ndimaidziwa, ifika.

Sabata yatha ndinalowa pansi pa galimoto ya magetsi koyamba. Mayi a ana, ndinachita ngati ndasochera m'nyumba ya eni. Palibe oyilo wodontha, palibe ekizozi, palibe poti munthu n'kuyikapo khutu. Pansi ponse ndi chinthu chimodzi chosalala ngati chitseko, batireyo ndi imeneyo, ndi nthambo zonenepa za mtundu wa lalanje. Nditangotambasula dzanja, Dona anakuwa ali kutsidya: “Bambo, chotsani dzanja! Nthambo imeneyo sichenjeza!” Aliyense anatembenuka. Zaka makumi atatu anthu akhala akundiitana kuti ndidzawamvere injini, lero ndikalipiridwe ngati mwana wosewera pafupi ndi moto.

Akuti aliyense wofuna kugwira galimoto zimenezi akhale ndi satifiketi. Ndiye Loweruka lililonse tikupita kukalasi, mayeso mwezi wamawa, olembera pakompyuta. Chilankhulo cha kuno ndimachidziwa cha pamsika ndi cha m'galaja, koma cha m'buku atipatsalo ndi china, ndipo zilembo zake ndi zazing'ono ngati nthata. Mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, Wamatayala, iye alibe nazo ntchito. Akuti, “Achimwene, galimoto iyendere magetsi, iyendere mphepo, iyendere mapemphero, matayala idzawafuna basi.” Amanena akudya, mtima uli m'malo. Ndimamusirira.

Aphunzitsi akupitabe kusikelo? Mundiuze.

Wanu,
Bambo a ana


27 Epulo

Mayi a ana,

Moni nonse. Ndili moyo.

Mwezi uno muona kuti ndalama zachepa. Maola owonjezera adula, ndipo lendi ya chipinda yakwera. Denga la khola lija muyambe mwalisiya, tidzaliona. Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizire mafuta aja mumadzola m'manja mukachapa. Sopo wa kuno ndi waukali, zala zang'ambikang'ambika.

Za mayeso mwafunsazo, tinalemba. Tidzakamba.

Lolemba kunabwera lole kudzatenga injini zakale zija. Ogula zitsulo anaziyika pasikelo ngati matumba a chimanga. Imodzi inali yoti ndikanaidzutsa masiku awiri okha, inangofunika maringi. Ndinauza munthu wa loleyo, iye n'kuseka, amvekere, “Madala, ine ndimagula kulemera, sindigula mbiri.” Abwana akulu anabwera kudzaonerera, ataima pakhomo ndi ndodo yawo. Anangondigwira paphewa n'kubwerera.

Pafoni paja munanenanso za Kamba, ine n'kukuyankhani mokweza mawu. Pepani. Koma mundimvetse. Masiku ano chinthu chikangokalamba anthu akuthamangira kuchiyika pasikelo, osafunsa n'komwe ngati chikugwirabe ntchito. Kamba musamugulitse. Mawu anga ndi omwewo.

Bambo a ana


1 Juni

Mayi a ana,

Moni wochokera pansi pa mtima. Mwati miyendo ya Aphunzitsi yatupa. Imeneyo ndi ya kwa amayi ake, inunso munkatupa chomwecho. Apume, asamanyamule ndowa. Mafuta a m'manja ndalandira, zikomo, akuthandiza.

Lero ndikuuzani chinthu, musandiseke. Ndayendetsa galimoto ya magetsi. Ndinali nditangomaliza nayo, ndiye Dona anati ndikaipereke kwa mwini wake, dalaivala wa takisi amene amakhala kuseri kwa njanji. Ndinakhalamo, n'kudina batani, zii. Ndinadinanso, kuyesa kuti sinalire, osadziwa kuti ndaizimitsa. Phazi langa likufufuza kilatchi, dzanja likufufuza giya, zonse kulibe. Koma itanyamuka, ine! Inangoti see, ngati bwato pamadzi odekha. Pachitunda cha pafupi ndi fakitale ya njerwa, pamene galimoto zonse zimabuula, iyo inakwera ngati ikutsika. Ndinamva mbalame ndili m'galimoto. Ndinakwiya nazo pang'ono kuti zandikomera.

Mwini wakeyo ndinamufunsa mafunso anu onse, ndi anga omwe. Wakhala nayo zaka zinayi. Akuti ndalama imene ankathira mafuta sabata imodzi, pano amatchajira mwezi. Oyilo sasintha, mabuleki amakhalitsa. Ndinati, “Nanga choipa chake?” Anakanda m'mutu n'kunena kuti, “Batire ili ngati ine, bambo. Kale ndinkagwira tsiku lonse, pano ikamakwana thiri koloko ndimafuna pokhala.” Yayamba kutha msanga, ndipo yatsopano mtengo wake ukuyandikira theka la galimoto. Ndiye mukuona, mkuyu ndi wokoma koma nyerere zilimo.

Ndakhala ndikuganiza. Ulendo wanu wa mazira ndi waufupi, sitolo zisanu ndi zitatu n'kubwerera, msewu wake umodzimodzi. Galimoto imakhala pakhomo kuyambira masana. Padenga la khola titayikapo masola, ngati anachitira mayi a mkaka, mwina magetsi othimathimawo sangativute kwenikweni. Ndati mwina, musathamange nawo mawu amenewo. Mukapita kwa ogulitsawo mukangofunsa: batire ili ndi zaka zingati, akupereka chitsimikizo cha nthawi yaitali bwanji, ndipo ikavuta amakonza ndani, dzina lake ndi pamene amapezeka. Akayamba kuyang'ana kudenga, tulukani.

Koma zonsezi zidikire Disembala, ndidzaone ndi maso anga. Pakali pano chigubu chimodzi cha petulo chikhale chodzaza, chobisika, cha tsiku limene Aphunzitsi adzachire basi. Alamu asachikhudze ngakhale mazira ataswa anapiye.

Wanu nthawi zonse,
Bambo a ana


20 Julaye

Mayi a ana,

Moni. Ine ndili bwino m'thupi.

Chithunzi cha mdzukulu wathu ndachionetsa galaja yonse. Wamatayala akuti mphuno ndi yanga, ndipo akumumvera chisoni mwanayo. Tithokoze Mulungu. Ndatumiza kangachepe ka sopo ndi matewera.

Koma pali chimene chandikhala pakhosi. Dzana ndinaimbira alamu kuwafunsa ngati mapulagi aja anawayika. Anayamba kutsokomola, kenako anati, “Kodi achemwali sanakuuzeni?” Ndiye ndamva kwa alamu kuti Kamba anapita masabata atatu apitawo, anagula ndi munthu wa chigayo, ndipo pakhomo pathu paima kagalimoto koyera kamene ine sindinakaonepo.

Talankhulana pafoni kanayi chichitikireni zimenezi. Munandiuza za kulemera kwa mwana, za nkhuku ziwiri zimene zinafa, za mvula ya mwadzidzidzi. Za Kamba ayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi, sindinagulitsepo ngakhale wilibala osakufunsani. Ndinapempha Disembala yokha. Kodi munthu akakhala kutali, mawu akenso amachepa mphamvu ngati wailesi?

Musandiimbire kaye. Ndingalankhule zoti ndidzachite nazo manyazi.

Bambo a ana


7 Seputembala

Mayi a ana, mkazi wanga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndi Aphunzitsi akupezako mphamvu. Ine ndilipo.

Kalata yanu inafika kumayambiriro kwa Ogasiti. Ndayenda nayo m'thumba la ovolosi mwezi wathunthu, yafewa ngati nsalu. Kuyankha kumandikanika.

Sindinkadziwa. Munandiuza pafoni tsiku lija kuti zonse zayenda bwino, ine n'kuvina m'chipinda muno. Sindinkadziwa kuti matenda anamuyamba m'mawa akutaya magazi, kuti munathira chigubu chija monga ndinanenera, ndipo Kamba anazima pamlatho dzuwa lili pamutu. Mwalemba kuti alamu anagogoda pampu ija mpaka chogwirira cha sikuludalaiva chinasweka, inu muli kumbuyo mwagwira mutu wa mwana wathu, akukufunsani kuti, “Amayi, tafika?” Mwalemba kuti galimoto zitatu zinadutsa osaima, ndipo amene anaima ndi mayi a mkaka, n'kutsitsa zigubu zawo pamsewu kuti mwana agone bwino. Ndi zoti adokotala anati mukanachedwa theka la ola tikanataya awiri.

Pampu imeneyo ndine ndinati musagule. Ndinati ndimaidziwa. Mzere umenewo simunaulembe m'kalata yanu, ndipo kusaulemba kwanuko kwandipweteka kuposa mukanandilalatira. Mwangoti, “Sindikanathanso kukhala pampando umene uja.” Ndamva. Munachita bwino kugulitsa. Munati simunandiuze poopa kuti ndingasokonezeke mutu ndili pansi pa galimoto za eni. Apo ndiye ndiyenera kukuuzani zanga, chifukwa pansi pa galimoto sindinalowepo kuyambira mu Epulo.

Mayeso aja ndinalephera. Mafunso ndinkawawerenga kawiri katatu kuti ndimve chimene akufuna, nthawi n'kutha ndili pakati. Anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira sipanala anakhoza onse. Galimoto za petulo zobwera pagalaja pano zachepa, sizikwanira tonse, ndiye Dona anandiitana mu ofesi. Anati, “Bambo, kukuchotsani sindikufuna, bambo anga sangandikhululukire. Koma malo amene ndili nawo ndi kotsukira.” Ndinavomera. Miyezi isanu tsopano ndikutsuka galimoto, payipi m'manja, majombo kumapazi. Maola owonjezera sanadule ayi, malipiro ndi amene anatsika. Manja ong'ambika aja ndi a ntchito imeneyo. Galimoto ija ndinakapereka kwa wa takisi ndinali nditangomaliza kuipukuta.

Ndinkati ndikuuzani zikakonzeka. Ndinkaopa kuti mudzandiona bwanji, inu amene mumauza anthu kuti amuna anga ndi makaniko wamkulu kunja. Ndiye pamene munkati Kamba watopa, ine ndinkamva ngati mukunena wina.

Inu munabisa masabata atatu, ine miyezi isanu. Ngati pali woyenera kukwiya, si ine. Mundiimbire Lamlungu masana, ndidzakhala ndili m'chipinda. Ndipo mayi a mkaka aja mukawapatse thileyi ya mazira sabata iliyonse mpaka ndidzabwere kudzawathokoza ndekha.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


26 Okutobala

Mayi a ana,

Moni, agogo ake a mwana. Ndamva kuti wayamba kuseka mokweza, ndipo Aphunzitsi abwerera kuntchito. Ine ndili bwino, bondo lokha.

Mawu anu a pafoni paja sanandichoke. Ndinkayembekezera kulira kapena kukalipa, inu n'kungoti, “Ndiye mwagula magalasi?” Ndinagula tsiku lotsatira. Zilembo zija si nthata ayi, maso anga ndi amene anali atapita.

Tamverani zimene zinachitika. Kunabwera galimoto ya magetsi ya mayi wina, akuti ikulira kutsogolo akamakhota. Anyamata anailumikiza kukompyuta masiku awiri, kompyuta ikuti zonse zili bwino. Anaitumiza kwa ine kuti nditsuke, ibwerere kwa eni. Poisuntha kuchoka pamzere kupita kotsukira, mamita makumi awiri okha, ndinaimva. Galimoto zimenezi popeza zilibe phokoso, kalikonse kamamveka. Ndinapita kwa Dona majombo akuchucha, ndinati, “Beringi ya kutsogolo, mbali ya dalaivala. Mukaipeza yabwino mundidule malipiro a sabata.” Anauza anyamata akweze galimoto. Beringi inatuluka yodyeka ngati chitsononkho.

Madzulo ake anandifunsa chimene chinandigwetsa pamayeso. Ndinamuuza zoona, monga ndinakuuzirani inu. Anaimba mafoni, n'kupeza kuti munthu amaloledwa kulemba wina akumuwerengera mafunso. Masabata anayi Wamatayala wakhala akundifunsa za m'buku tikamadya, mawu ake akuwatchula mokhotakhota moti ndinkayamba ndamukonza iye ndisanayankhe. Ndinalemba pa 14. Ndakhoza, mayi a ana. Osati mwaulemu, ndadutsa ngati mbuzi yopanikizika pampanda, koma pepala ndi pepala.

Lachiwiri ndinavala magolovesi a labala ofika m'zigongono, n'kuzula ndekha pulagi yaikulu yozimitsira batire. Mtima unkagunda ngati tsiku limene ndinakakufunsirani. Malipiro akale akuti abwerera mu Januwale, ndipo masiku awiri pasabata ndizitsukabe mpaka apeze munthu. Sindikudandaula. Kunena zoona, fungo la petulo ndimalisowabe, ndipo ikabwera yakale yotsokomola ndimathamangira ine. Sindikudziwa ngati zatsopanozi ndidzazikonde. Koma kanu koyerako kakadzadwala, simudzasowa kopita nako.

Musamakatchaje mpaka kudzaza tsiku lililonse, batire imakhalitsa mukamaisiyira kampata. Masola muziwapukuta fumbi Loweruka. Wa chigayo uja mumuuze kuti pampu yeniyeni ndagula kale, ndidzamuyikira ndekha, ulere. Asanyamule munthu wodwala isanalowe.

Tikiti ndadula ya pa 19 Disembala, basi imafika cha m'ma teni m'mawa. Alamu andiuza kuti masiku ano iwo amangonyamula mathileyi, woyendetsa ndinu, ndipo munakatenga laisensi osauza munthu. Zaka zonse zija ndinkati ndikuphunzitseni, inu n'kumati kilatchi imakudani. Ndiye kudepoti musatume munthu. Mubwere nokha. Ine ndidzakhala mpando wa pambali, chikwama pamiyendo, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzakuuzani kayendetsedwe, mwina mpaka pamphambano yoyamba.

Ndine wanu, lero ndi mawa,
Bambo a ana